Gawo 69: Lamulo Limene Linakhala Zaka 57

M'caka ca 1965, titangolandira kumene ufulu, boma la Kaunda linaika gawo 69 m'buku la malamulo a milandu, Penal Code. Aliyense wonyoza kapena kuipitsa dzina la Pulezidenti anali kuyembekezera ndende mpaka zaka zitatu.

Mu 1991 zipani zambiri zitabwerera, makolo athu anaganiza kuti lamuloli lapita pamodzi ndi UNIP. Ayi ndithu. M'nthawi ya Chiluba, Fred M'membe ndi Bright Mwape a nyuzipepala ya The Post anafika mpaka ku Supreme Court, akukamba kuti gawoli likutseka anthu pakamwa. Oweruza anawakanira. Atsogoleri otsatira naonso analisunga, pakuti ndani ataya mkwapulo akali pampando? Pamapeto pake silinali kugwira atolankhani okha. Anthu wamba anamangidwa cifukwa ca zimene analemba pa Facebook.

Pa 23 December 2022, Hichilema anasaina kucotsa gawo 69, tsiku limodzi ndi cilango ca imfa. Tinasangalala. Koma mlandu woipitsa dzina la munthu, gawo 191, ukalipo m'buku lomwelo, ndipo mu April 2025 anasainanso Cyber Crimes Act, lamulo limene limafika mpaka pa zimene timalemba pa mafoni athu.