Matenda a herpes: Zotsatira za magazi zimene zimafunika kuzitsimikiza

Pakati pa anthu ogwira ntchito m'maofesi a ku Area 13, City Centre ndi ku Capital Hill mumzinda wa Lilongwe, si chachilendo munthu kukayezetsa m'thupi ngakhale asakudwala. Ena amayezetsa m'zipatala zolipira, ena amapezerapo mwayi akapita kunja kukachita maphunziro. Pepala la zotsatira limabwera ndi mizere yambiri, monga ya shuga ndi mafuta a m'magazi, ndipo nthawi zina pamakhalanso mzere wolembedwa kuti HSV-2 IgG. Mzere umenewu ukasonyeza kuti positive, munthu yemwe sanaonepo chilonda ndi kamodzi komwe amayamba kudzikayikira, kapena kukayikira mnzake wa m'banja. Koma akatswiri a za umoyo anapeza kale kuti kayezedwe kameneka kamalakwitsa kawirikawiri, makamaka pa magazi a anthu a mu Africa muno.

Herpes ndi matenda oyamba ndi kachirombo ka mitundu iwiri. Mtundu woyamba, HSV-1, ndi umene umatulutsa timatuza pamilomo, tomwe ambiri amationa akadwala malungo, ndipo anthu ochuluka amautenga ali ana. Mtundu wachiwiri, HSV-2, umafala pogonana ndipo umayambitsa matuza ndi zilonda za kumaliseche zomwe zimapola n'kudzabweranso. Matendawa ndi osiyana ndi mashingozi, chindoko kapena mabomu. Malinga ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 3.8 biliyoni a zaka zosakwana 50 anali ndi HSV-1, pamene anthu 520 miliyoni a zaka 15 mpaka 49 anali ndi HSV-2. Ambiri mwa iwo sadziwa, kaamba koti saona chizindikiro chilichonse.

Choyamba kuchidziwa n'chakuti kuyeza magazi sikuona kachiromboko. Chomwe chimayezedwa ndi maantibodi, zomwe ndi zida zimene thupi limapanga likakumana ndi kachirombo. Popeza mitundu iwiri ija ndi yapachibale, maantibodi a HSV-1 komanso ena opezeka m'magazi amatha kusokoneza chipangizo choyezera, n'kusonyeza HSV-2 pamene palibe.

Chipangizo chodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi HerpeSelect, cha ku America. Sichimangoyankha kuti inde kapena ayi, koma chimapereka nambala yotchedwa index, ndipo nambala yopitirira 1.1 imawerengedwa kuti positive. Vuto lagona pa manambala otsika. Bungwe loona za matenda la ku America la CDC, m'malangizo ake a 2021, linachenjeza kuti zotsatira za pakati pa 1.1 ndi 3.0 nthawi zambiri zimakhala zabodza, ndipo linati munthu asauzidwe kuti ali ndi matendawa magazi ake asanayezedwenso ndi njira ina, monga Biokit kapena Western blot. M'mwezi wa December 2023 bungwe la FDA, lomwe limavomereza mankhwala ndi zipangizo za chipatala m'dzikolo, linalembera madokotala ndi ogwira ntchito m'malabotale kuwakumbutsa za vuto lomweli.

Kuno ku Africa nkhaniyi ndi yokulirapo. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2011, wophatikiza zomwe ofufuza anapeza m'maiko angapo a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, anasonyeza kuti HerpeSelect imapeza anthu 99 mwa anthu 100 alionse omwe alidi ndi kachiromboka. Koma mwa anthu 100 omwe alibe, ndi 69 okha amene imawauza zoona. Otsalawo, 31, imawanamizira. Chipangizo china chotchedwa Kalon chinachitako bwino, pakuti chinkalakwitsa pa anthu 9 mwa 100 opanda kachirombo.

Kulemera kwa manambalawa kumaoneka bwino pa chitsanzo chongoyerekeza. Mu ofesi ya anthu 100, momwe 20 ali ndi kachirombo ndipo 80 alibe, HerpeSelect ingapeze pafupifupi onse 20 aja, komanso inganamizire anthu pafupifupi 25 mwa 80 otsalawo. Anthu 45 angatuluke ndi pepala lofanana, oposa theka la iwo alibe kanthu. N'chifukwa chake gulu la akatswiri lolangiza za kapewedwe ka matenda ku America, la US Preventive Services Task Force, linanena mu 2016, n'kubwerezanso mu 2023, kuti anthu opanda zizindikiro asamayezedwe magazi mwachisawawa pofufuza herpes. Gululi linaona kuti nkhawa ndi kusokonekera kwa maubwenzi kobwera ndi zotsatira zabodza kumaposa phindu lake.

Izi sizikutanthauza kuti zotsatira zonse za positive ndi zonama. M'Malawi muno HSV-2 ndi wofala. Kafukufuku yemwe Dr Sam Phiri wa ku Lighthouse ndi anzake anachita pakati pa 2004 ndi 2006 pa kiliniki ya matenda opatsirana pogonana ya chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, anapeza kuti oposa theka la odwala zilonda za kumaliseche anali ndi HSV-2 m'zilondazo. Choncho munthu yemwe nambala yake ndi yokwera, ndipo amatuluka matuza mobwerezabwereza, asadzinamize kuti chipangizo chalakwa. Zotsatira za negative nazonso zimatha kusokeretsa ngati munthu wayezetsa msanga, pakuti maantibodi amatha kutenga masabata 12 asanaonekere. Kuyeza kwa mtundu wa IgM, komwe malabotale ena amachitabe, akatswiri sakulimbikitsa konse chifukwa sikusiyanitsa mitundu iwiri ija.

Pali funso lina limene magazi sangayankhe ngakhale zotsatira zitakhala zoona, ndipo ndi limene limafikitsa mabanja kwa ankhoswe. Maantibodi sasonyeza tsiku limene munthu anatenga kachirombo, ngakhalenso amene anamupatsira. Kachiromboka kamatha kukhala phee m'mitsempha zaka zambiri, kotero mwamuna kapena mkazi akhoza kulowa nako m'banja osadziwa, matuza oyamba n'kudzaoneka ana atakula kale. Pepala la ku labotale si umboni wa chigololo, ndipo woligwiritsa ntchito motero amalisenzetsa katundu yemwe silingathe kunyamula.

Kwa amene walandira zotsatira za positive koma alibe zizindikiro, chofunika ndi kufunsa dokotala dzina la chipangizo chomwe chinagwiritsidwa ntchito ndi nambala ya index, osati liwu loti positive lokha. Nambala ikakhala yotsika, magazi ayezedwenso ndi chipangizo cha mtundu wina, osati kubwereza chomwecho. Western blot, yomwe ndi yodalirika koposa, imachitikira ku University of Washington mumzinda wa Seattle, kotero kwa anthu ambiri kuno njira yapafupi ndiyo kuonana ndi dokotala pamene chizindikiro chaoneka. Chilonda chikadali chachiwisi, madzi ake amatha kuyezedwa ndi njira ya PCR, yomwe imapeza kachirombo kenikeniko.

M'zipatala za boma, kuphatikizapo kiliniki ya matenda opatsirana pogonana ya pa chipatala cha Bwaila ku Old Town, wodwala zilonda za kumaliseche amathandizidwa potengera zizindikiro, ndipo amayezedwanso HIV ndi chindoko. Kuyeza HIV n'kofunika pakuti HSV-2 imachulukitsa pafupifupi katatu chiopsezo chotenga HIV. Mankhwala a acyclovir amafupikitsa nthawi ya zilonda ndi kuchepetsa ululu, ngakhale sachotsa kachiromboko m'thupi. Mayi woyembekezera yemwe anaonapo matuza otere, kapena yemwe mwamuna wake amawatuluka, ayenera kudziwitsa anamwino ku sikelo, chifukwa chiopsezo kwa khanda chimakula kwambiri mayi akatenga kachiromboka koyamba m'miyezi yomaliza ya pakati.