Mmbulu Wokhala m'Kati mwa Zoimbira

Madzulo ano ndifuna kukamba za cirombo cosaoneka ndi maso, cimene casautsa oimba a ku Ulaya zaka mazana angapo. Iwo acicha mmbulu.

Ndiyambe ndi kwathu. Pamene ndinali mwana ku Chadiza, m'dziko la Mfumu Mlolo, amalume anga anali ndi kaligo. Anyamata ambiri a masiku ano sanamuonepo, cotero ndimfotokoze. Ndiye kang'oma kakang'ono kokuta ndi cikopa ca ng'azi, kopisa ndodo pakati, ndipo pa ndodopo pali cingwe cimodzi cokha cotsamira pa kamtengo kokhala pamwamba pa cikopa. Woimba akhuta cingweco ndi kauta kopaka utomoni. Kaligo wa amalume anali kulira bwino, koma panali malo amodzi pamene cala cikafika, liu linali kudukaduka ngati munthu wacibwibwi. Ife ana tinali kuseka. Iwo anali kungoti, "Wayamba mwano uyu."

Nditapita ku sukulu ya mishoni ndinamva kuti mwano womwewo uli m'zoimbira zodula za Azungu, makamaka mu cello, mkulu wace wa vayolini, amene woimba amfumbata ndi maondo. Dzina la mmbulu linayambira ku malimba a m'machalichi. Pa macunidwe akale a malimbawo panali mau awiri amene akalizidwa pamodzi anali kuuwa moipa, ndipo anthu anati kuli ngati kulira kwa cirombo usiku. Pambuyo pace dzinalo linagwera liu lobvuta la cello, limene kawirikawiri lipezeka pakati pa E ndi F sharp, pamene cingwe cinjenjemera monga ka 165 kufikira ka 185 pa sekondi imodzi.

Kwa nthawi yaitali amisiri anadziwa nthendayi osadziwa gwero lace. Woyamba kutsegula njira anali Mjeremani, Hermann von Helmholtz, amene buku lace lonena za mau linaturuka m'caka ca 1863. Iye anaona kuti uta sutsetsereka cabe pa cingwe iai. Utomoni ugwira cingwe nucikoka, cingwe cipulumuka nicibwerera, utomoni ucigwiranso, ndipo izi zicitika kambirimbiri pa sekondi imodzi. Liu lokoma licokera m'kugwira ndi kutaya kumeneku pamene kuyenda mwa dongosolo.

Amene anasaka mmbulu weniweniyo ndiye munthu wa ku India, C. V. Raman, ndipo mbiri yace ndiikonda. Sanali mphunzitsi wa pa yunivesite masiku amenewo. Anali wowerengera ndalama za boma ku Calcutta, ndipo nchito ya sayansi anali kuicita m'mamawa ndi madzulo, ataweruka, m'nyumba ya bungwe la Indian Association for the Cultivation of Science. M'caka ca 1916 analemba zimene anapeza. Thupi la coimbira ciri conse liri ndi liu lace-lace limene likonda; gogodani cipanda kapena ng'oma, mudzalimva. Tsono cingwe cikaliza liu lolingana ndi limenelo, thupi ligwedezeka kopambana muyeso, nililanda mphamvu ya cingwe msanga koposa umo uta ungaibwezere. Dongosolo lija la kugwira ndi kutaya lisokonezeka, liu ligwa. Thupi likakhala cete, uta uyambanso kumanga liu, thupi lidzukanso nililandanso. Kulimbana kumeneku kubwerezeka kangapo pa sekondi imodzi, ndipo khutu likumva ngati cibwibwi. Raman analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1930, koma cifukwa ca nchito yina yonena za kuwala. Za mmbulu akumbukira oimba okha.

M'caka ca 1963 John Schelleng wa ku America, injiniya amene analinso woimba cello, anaonjezera masamu osonyeza cifukwa cace cello abvutika koposa vayolini. Cinthu cozizwitsa ncakuti mmbulu akonda zoimbira zabwino. Cello wa matabwa olemera, wosalira kwambiri, sabvuta. Wopepuka ndi womveka patali ndiye asunga cirombo. Cotero amisiri saupha, angouweta. Ena amanga kacitsulo ka mkuwa kokhala ndi mphira m'kati pa mbali ya cingwe imene uta sufikapo, kuti kamwe mphamvu yotsalayo. Woimba wocenjera angofinya cello ndi maondo pofika pa liulo. Ku China, oimba erhu, coimbira ca zingwe ziwiri cokuta ndi cikopa ca nsato, apisa kansaru pansi pa zingwe kuti kaletse mau osafunika.

Pano ndicenjeze, pakuti ena asokoneza zinthu ziwiri. Ife Acewa tikonda coimbira colira mokhala ngati njuci. Pa kalimba timanga tizitsulo tonjenjemera, ndi pa cibowo ca cipanda timata kacikopa koyera kamene kangaude asungiramo mazira. Alendo oyamba, ozolowera mau osalala a kwao, anayesa kumeneku kulephera kwa amisiri athu, ndipo ena a ife ophunzira tinawakhulupirira, ticita manyazi ndi zoimbira za makolo. Ndinena poyera kuti analakwa. Kulira kwa njuci kuja mmisiri akuika dala, ndipo kutsata nyimbo yonse mofanana. Mmbulu sali wotero: agwira liu limodzi lokha, naliononga, ndipo palibe woimba, wa ku Chadiza kapena wa ku Cremona, amene amfuna.

Mzungu amene anamvetsa kusiyana kumeneku ndiye Hugh Tracey. Iye anayenda ndi makina ojambulira mau m'Nyasaland m'zaka za 1950 ndi 1958, najambula nyimbo za Acewa ndi Amang'anja, za kaligo zomwe. M'caka ca 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, imene lero iri pa Rhodes University ku South Africa. Kumeneko kuli mau a akaligo amene eni ace anagona kale.

Amalume anga sanamve za Raman, koma mankhwala ace anawadziwa. Mwano ukayamba, anali kuwamba cikopa pafupi ndi moto kuti cikungike, monga acita oomba ng'oma. Cikopa cikakungika, liu lace-lace likwera, ndipo silikumananso ndi liu lija la cingwe. Masiku a dzinja, pamene cinyezi cifewetsa cikopa msanga, anali kusendeza kamtengo kaja kufupi ndi mphepete, kapena kumata kaphula pang'ono pakati pa cikopa. Akatero anali kuyesa malo obvuta aja kawiri kapena katatu, atapendeketsa mutu, asanayambe nyimbo.