LIKOMA NDI CHIZUMULU: ZILUMBA ZATHU ZOKHALA M'MADZI A ENI

 Uthengawu ndi wautali ndithu, pezani pokhala kaye.

Holide ya Disembala ikamayandikira, mafoni a anthu a m'tauni muno amadzaza ndi zithunzi za zilumba. Uyu ali ku Zanzibar ndi banja lake, uyo ali ku Mauritius. Ife a ku Ndirande, Bangwe, Chilobwe ndi Mbayani timangoti tidzapita tikadzalemera. Chonsecho tili ndi zilumba zathuzathu, zosafuna pasipoti kapena madola, ndipo ana athu obadwira ku Queens sazidziwa n'komwe. Lero ndikufuna tikambe mbiri ya Likoma ndi Chizumulu, kuti banja lomwe lingaganize zotengera ana kumeneko lidziwe chimene likukaona.

Yambani ndi mapu pafoni yanuyo. Kuchoka ku Likoma kupita ku Cobue, kumtunda kwa Mozambique, sipakwana makilomita 10. Kuchoka ku Likoma kupita ku Nkhata Bay ndi makilomita oposa 60. Madzi ozungulira zilumba ziwirizi ndi a Mozambique. Nanga zinatheka bwanji kuti zikhale za Malawi? Yankho lake lili pa zinthu zitatu: tchalitchi, pepala ndi sitima.

Nkhani ya tchalitchi inayambira kufupi ndi kuno. David Livingstone atalankhula ku Cambridge mu 1857, Aangilikani anakhazikitsa mishoni ya UMCA. Bishopu wawo woyamba, Charles Mackenzie, anafika mu 1861 n'kumanga ku Magomero, m'dera la Chiradzulu. Sanakhalitse. Malungo anamutenga mu Januwale 1862 kumene Ruo amathira mu Shire, ndipo nkhondo, njala ndi matenda zinachititsa kuti mishoni isamukire ku Zanzibar mu 1864. Ndiye mukamaona zithunzi za ku Zanzibar zija, dziwani kuti chilumba chimenecho ndi Likoma n'zolumikizana kuyambira kale.

Patapita zaka pafupifupi 20 anabwerera, koma ulendo uno anadzera kum'mawa kwa nyanja. Wansembe William Percival Johnson ndiye anatsogola, kuyenda wapansi m'midzi ya Anyanja ndi Ayao. Nthawi imeneyo kumtunda kunalibe mtendere. Angoni ankathira nkhondo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo maboti a matanga ankawolotsa akapolo kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota. Pachilumba panali pobisalirapo, popeza nkhondo ya pamtunda siwoloka madzi mosavuta. Mfumu Chiteji ya kutsidya itavomera, mishoni inakhazikika pa Likoma mu 1885, ndipo chaka chomwecho sitima yawo yaing'ono, Charles Janson, inalowa m'madzi. Sitimayo inkayenda mudzi ndi mudzi, kunyamula aphunzitsi, mabuku ndi mankhwala, n'kubwerera ku Likoma ngati kunyumba.

Tsopano pepala. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano logawana maiko kuno. Gombe la kum'mawa la dera limeneli linapita kwa Apwitikizi. Koma pa Likoma panali kale mishoni ya Angerezi, ndiye anagwirizana kuti zilumba ziwirizi zikhale mbali ya Britain. Mu 1954 maboma awiriwa anagwirizananso kuti malire adutse pakati pa nyanja, koma Likoma ndi Chizumulu anazisiya m'manja mwa Nyasaland pamodzi ndi kachigawo ka madzi kozizungulira. Titalandira ufulu mu 1964 tinalandira ndi zilumbazo. Anthu a mtundu umodzi, olankhula Chinyanja chimodzi, okwatirana ndi kuikana maliro, anapezeka ali m'maiko awiri chifukwa cha siginecha za anthu omwe sanapalaseko bwato panyanjayi.

Chimene aliyense amathamangira kukaona ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Mwala wa maziko unaikidwa mu 1903, anayamba kupemphereramo mu 1905, ndipo chinapatulidwa mu 1911. Malo amene chinamangidwapo amatchedwa Chipyela, chifukwa kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Mapulani anajambula ndi Frank George, koma oswa miyala, osema ndi omanga anali anthu a pachilumba pomwepo ndi a kutsidya, amuna ndi akazi omwe. Miyala inali ya pa Likoma, koma zinthu zina zambiri, ngati matabwa, zinachita kuwoloka nyanja. Mukaima mkatimo ndi ana anu, auzeni kuti azungu anabwera ndi pulani, koma thukuta linali la agogo athu.

Nyanja inatenganso msonkho wake. Chauncy Maples, yemwe anagwira ntchito pa Likoma zaka zambiri, anadzozedwa kukhala bishopu mu 1895. Akubwerera kudzayamba udindowo, boti lake linagubuduzika ndi namondwe kufupi ndi Salima mu Seputembala chaka chomwecho, ndipo anamira asanafike pachilumba. Manda ake ali ku Nkhotakota. Sitima yomukumbukira, Chauncy Maples, inapangidwa ku Glasgow, n'kubwera zidutswazidutswa, ndipo inayamba kuyenda mu 1901. Inali sukulu, chipatala ndi tchalitchi nthawi imodzi.

Sukulu za mishoni zinasintha chilumbachi. Dothi la pa Likoma ndi lamiyala ndi mchenga. Chimene chimachita bwino ndi chinangwa, mango ndi milambe, ndipo ngakhale nkhuni zambiri zimachokera kutsidya. Chilumba cha makilomita 18 m'bwalo lake lonse sichikanadyetsa aliyense. Ndiye anyamata odziwa kulemba, kuwerengera, ukalipentala ndi kusindikiza mabuku anayamba kutuluka. Anakhala makalaliki, aphunzitsi ndi othandiza m'zipatala ku Zomba, Blantyre, Limbe, Salisbury, ku migodi ya kopa ku Northern Rhodesia mpaka ku Joni. Likoma inkatumiza kunja nsomba ndi anthu ophunzira. Mmodzi mwa ana a pachilumbachi, Josiah Mtekateka, ndiye anakhala Mmalawi woyamba kudzozedwa ubishopu mu mpingo wa Anglican, mu 1965. N'chifukwa chake lero mukalowa mu St Paul's Cathedral muno mu Blantyre Lamulungu, simulephera kupeza banja lomwe kwawo ndi ku Likoma kapena ku Chizumulu.

Ife ana a asodzi tili ndi gawo lathu m'mbiriyi. Chilimila chomwe bambo anga ndi abambo anu amakokera utaka ndi usipa, olemba mbiri ya usodzi amati chinafalikira nyanja yonse kuchokera ku zilumba zimenezi. Usipa umene mumagula mu msika wa Limbe, kaya wachokera ku Mangochi kaya ku Salima, luso lougwira lili ndi mizu yake kumeneko.

Chachitatu ndi sitima, ndipo apa mpamene Limbe ikulowa. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935 inapitirira mpaka ku Chipoka ndi Salima, kugunda nyanja. Kampani ya Nyasaland Railways, yomwe likulu lake linali ku Limbe, ndiyo inkayendetsanso sitima za panyanja. Sitima yawo ya Vipya inamira pa 30 Julaye 1946 kumpoto, kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Chikumbutso chawo chili ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi ija, pambali pa mlatho. M'malo mwake munabwera Ilala, yopangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949. Inabwera zidutswa kudzera ku Beira, anailumikiza ku Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Dzina lake inatengera ku Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, yomwe inalowa m'nyanja mu 1875.

Taganizani, sitima ya 1951 ndiyo yakhala msewu waukulu wa zilumbazi mpaka lero. Chimanga, simenti, malata, shuga, ana a sukulu, odwala otumizidwa ku chipatala chachikulu, ngakhale maliro ochokera m'tauni, zonse zimadalira madzi. Ilala ikapita kokonzedwa, mitengo ya zinthu pachilumba imakwera, ndipo anthu amakwera maboti ang'onoang'ono odzaza mopitirira muyeso, pa nyanja yomwe inameza Maples ndi Vipya. Ife a kumtunda basi ikawonongeka timakwera ina. Iwo alibe mwayi umenewo.

Nkhondo za kutsidya nazo sizinawalambalale. Frelimo itayamba kumenyana ndi Apwitikizi mu 1964, Cobue anali amodzi mwa malo oyamba kumveka mfuti, ndipo anthu ambiri anathawira pa Likoma. M'zaka za m'ma 1980, nthawi ya nkhondo ya Renamo, anabweranso. Owalandirawo anali abale awo enieni. Likoma inakhala boma palokha mu 1999, itachotsedwa ku Nkhata Bay, ndipo ndi boma laling'ono kuposa onse m'Malawi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira pang'ono 14,000.

Ndiye banja la ku Blantyre lingayende bwanji? Kwerani basi ku Wenela kapena ku Limbe, kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi mpaka ku Monkey Bay. Kwa zaka zambiri Ilala yakhala ikunyamuka kumeneko Lachisanu, koma funsani kaye musananyamuke, ndondomeko imasintha. Njira ina ndi kupita pamsewu mpaka ku Nkhata Bay n'kuwolokera kumeneko, kudzera ku Chizumulu. Ngati muli ndi ana aang'ono pewani miyezi ya mwera, Juni mpaka Ogasiti, chifukwa mafunde ake si a masewera. Musakwere boti lodzaza ngakhale akunyengerereni bwanji, ndipo funsani majekete opulumutsira moyo. Tengani ndalama m'manja, chakudya cha panjira ndi zofunda, usiku pasitima kumazizira. Mukafika, musathere pa gombe kujambula zithunzi basi. Pitani ku Chipyela, yendani wapansi mpaka ku Makulawe kapena ku Nkhwazi, idyani kondowole wa utaka, ndipo ngati ndi nyengo ya Khirisimasi funsani kumene kukuvinidwa malipenga ndi chioda. Perekani moni kwa akuluakulu, ana amve Chinyanja cha kumeneko mmene chimasiyanira ndi cha mu Ndirande.

Ndikudziwa kuti zinthu zadula, ndipo si aliyense angakwanitse chaka chino. Koma tikambe chilungamo. Pepala linangolemba kuti zilumbazi ndi zathu. Chimene chazigwirizitsa ku Malawi zaka zonsezi ndi sitima yoyenda mlungu ndi mlungu, ndi anthu okwera ndi kutsika. Sitimayo yakalamba. Tikamakhala chete za yolowa m'malo mwake, ndiye kuti tavomera kuti abale athu aja adzionere okha. Aphungu athu a m'maboma a kunyanja tiziwafunsa za nkhaniyi poyera, osati nthawi ya kampeni yokha. Ndipo mwana amene wagonapo usiku umodzi pa Ilala, n'kuona Likoma ikutuluka m'madzi, sadzafunika kuuzidwa chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika.

Amene kwanu ndi ku Likoma kapena ku Chizumulu, onjezerani zomwe agogo anakuuzani, ife timve nawo. Enanu tumizani ku magulu a kwanu.