Katapila ndi Kulephera Kubweza Ngongole

Katapila ndi ngongole ya chiwongoladzanja chokwera imene munthu amatenga kwa wobwereketsa wopanda chilolezo cha Reserve Bank of Malawi. Pa malire a Mwanza, amalonda ena okaoda katundu ku Zobue ndi ku Tete amathamangira katapila mpamba ukachepa, monga zinachitikira pamene kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Kuopsa kwake n'kotere. Wokongola K50,000 pa 50 peresenti pamwezi amabweza K75,000. Akalephera, chiwongoladzanja chimabereka chinzake ndipo mwezi wachiwiri ngongoleyo imafika K112,500.

Malinga ndi lamulo la Insolvency Act la 2016, Khoti Lalikulu lingagamule kuti munthu walephereratu kubweza ngongole zake. Zikatero katundu wake amagulitsidwa, ndalama n'kugawidwa kwa omwe anamukongoza.

Mpingo umaletsa kudyera mmphawi masuku pamutu (Eksodo 22), komanso umaphunzitsa kuti kubweza ngongole ndi chilungamo. Choncho akatekisiti alangize akhristu m'malimana kuti azilemba ngongole zonse, ayambe kubweza ya chiwongoladzanja chachikulu, akambirane msanga ndi owakongoza, ndipo asabweze ngongole potenga ina.