Tempile itapsa, guwa linalowa m'nyumba

M'caka ca 70 cibadwire Ambuye, asilikali a Roma motsogozedwa ndi Titus, mwana wa mfumu Vespasian, anazinga Yerusalemu miyezi ingapo, nagumula malinga, natentha Tempile. Nkhondoyo inabuka mu 66, pamene Ayuda anaukira Aroma. Mpaka lero ku Roma kuli cipata ca miyala cokumbukira Titus, ndipo pa khoma lake anasemapo asilikali atasenza coikapo nyale ca nthambi zisanu ndi ziwiri cimene anafunkha m'Tempilemo. Ayuda amasala kudya caka ciliconse pa tsiku la 9 la mwezi wawo wa Av polira tsokali.

Tiyenera kumvetsa kukula kwa cimene cinatayika. Lamulo la Mose linalola nsembe pa malo amodzi okha. Pamenepo ansembe ankapereka mwanawankhosa m'mawa ndi wina madzulo, tsiku ndi tsiku. Pamenepo anthu ankakwera katatu pa caka, pa Paska, pa Pentekoste ndi pa cikondwerero ca Misasa. Pamenepo mkulu wa ansembe ankapepesera macimo a mtundu wonse. Guwa litagwa, zonsezi zinaima. Asaduki, amene ulemu wawo unatsamira pa Tempile, anazimirira m'mbiri. Funso linatsala linali lolemera: kodi munthu angatumikire bwanji Mulungu popanda guwa?

Amene anayankha anali aphunzitsi a Lamulo, olowa m'malo a Afarisi. Ife tikamva dzina la Afarisi timangoganiza za cinyengo, cifukwa ca mikangano imene timawerenga mu Uthenga Wabwino, koma tikatero timawalakwira. Iwo ndiwo ankaphunzitsa za kuuka kwa akufa, ndiponso kuti kuyera sikuli kwa ansembe okha koma kwa mlimi ndi mkazi wake pakhomo. Mwambo wa Ciyuda umasimba kuti mphunzitsi Yohanan ben Zakkai anaturutsidwa mu mzinda wozingidwawo atagonekedwa m'bokosi la maliro, napempha Aroma kuti amulole kuphunzitsa ku Yavneh, pafupi ndi nyanja ya Mediterranean. Kumeneko arabi, ndiye kuti aphunzitsi, anaika pemphero la m'mawa ndi la masana pa nthawi zija za nsembe, ndipo la usiku linakhala lacitatu. Amuna khumi akasonkhana, pemphero la mpingo limatheka paliponse, wansembe alipo kapena palibe. Pakati pa mapempherowo pali Shema, mau ocokera pa Deuteronomo 6 ovomereza kuti Mulungu ndi mmodzi yekha. Myuda amawanena m'mawa ndi usiku, amawaphunzitsa mwana akangoyamba kulankhula, ndipo amalakalaka kuti akhale mau ake otsiriza pakufa.

Nkhondo yaciwiri, ya Bar Kokhba, mu 132 mpaka 135, inatha moipa koposa, ndipo mfumu Hadrian analetsa Ayuda kuponda mu Yerusalemu. Aphunzitsi anasamukira ku Galileya. Ca m'ma 200, Yehuda ha-Nasi anasonkhanitsa malamulo amene ankapatsirana pakamwa m'buku lochedwa Mishnah, la magawo asanu ndi limodzi: za mbeu, za masiku oyera, za ukwati, za milandu, za nsembe, ndi za kudziyeretsa. Cotidabwitsa ndi cakuti analemba mosamala malamulo a nsembe ngakhale guwa linali litagwa zaka 130 m'mbuyomo. Zokambirana za mibadwo yotsatira pa Mishnah zinabala Talmud, wina wa ku Galileya, wina wamkulu wa ku Babiloni. Njira yonseyi ya kakhalidwe amaicha halakha, mau amene tsinde lake ndi kuyenda.

Pa Sabata mpamene alimi tingamve bwino nzeru ya aphunzitsiwa. Lamulo la Mose limaletsa nchito pa tsiku lacisanu ndi ciwiri, koma silichula zonse. Nanga nchito n'ciani? Mishnah inawerenga mitundu 39, ndipo yoyambirira imatsata ulendo wa cakudya kucokera kumunda kufikira pakamwa: kufesa ndi kulima, kukolola ndi kumanga mitolo, kupuntha, kupeta, kusankha, kupera, kusefa, kukanda ufa ndi kuphika buledi. Mayi aliyense wa kwathu kuno amene amadziwa mtondo ndi licero angauzindikire mndandandawu. Kenaka pakubwera nchito za covala, kuyambira kumeta nkhosa mpaka kusoka, ndiponso kumanga, kulemba, kusonkha moto ndi kuuzima, ndi kunyamula katundu kuturuka naye pabwalo. Muyeso wake suli pa thukuta ai. Kuyatsa macesi sikutopetsa, komabe n'koletsedwa, pakuti pa tsikulo munthu amaleka kusintha dziko, kuti avomereze kuti mwini wake ndi Wina. Koma moyo ukakhala pangozi, monga mayi pobereka kapena mwana akadwala kwambiri, lamulo lomwelo limalamula kuti Sabata iswedwe msanga.

Sabata imalowa Lacisanu dzuwa likamalowa, ndipo imaturuka Loweruka nyenyezi zitatu zikaoneka. Woilandira ndi mayi wa pakhomo, amene amayatsa nyale ziwiri dzuwa lisanabisale. Bambo amadalitsa ana, nadalitsa cikho ca vinyo. Onse amasamba m'manja, ndipo pa tebulo pamakhala mikate iwiri yokumbutsa mana aja amene ankagwa mowirikiza m'cipululu tsiku lotsogola Sabata. Mkatewo amauthira mcere monga ankacitira ndi nsembe. Aphunzitsi ananena poyera kuti tebulo la munthu lalowa m'malo mwa guwa, makamaka akadyetsapo mlendo ndi wosauka.

Cakudya comwe cili ndi malire. Nyama yololedwa ndi ya ziboda zogawanika imenenso imabzikula, motero ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zimadyedwa, nkhumba ndi kalulu ai. Nsomba iyenera kukhala ndi zipsepse ndi mamba: cambo cingalowe m'mphika wa Myuda, mlamba sungalowe. Magazi amacotsedwa pozinga ndi pothira mcere, ndipo nyama siphikidwa kapena kudyedwa pamodzi ndi mkaka. Mabanja osamala amasiyanitsa ndi mbale zomwe. Mwana wamwamuna amadulidwa pa tsiku lacisanu ndi citatu. Maimonides, amene anamwalira ku Ejipito mu 1204, anandandalika malamulo 613 ndi nsanamira 13 za cikhulupiriro, ndipo buku la Yosef Karo, Shulchan Aruch, losindikizidwa ku Venice mu 1565, likali citsogozo ca Ayuda osunga mwambo. Dzina la bukulo limatanthauza tebulo loyalidwa.

Ngati cipembedzo ca m'nyumbaci cinali colimba, cinayesedwa ku Portugal, ndipo apa mbiri yake ikukhudza yathu. Mu 1496 mfumu Manuel I analamula kuti Ayuda acoke m'dziko lake, koma mu 1497 anatseka njira nawabatiza ambiri mokakamiza, ana ena atalandidwa kwa makolo awo. Caka comweco Vasco da Gama ananyamuka ku Lisboa pa ulendo umene unamufikitsa pa Ilha de Moçambique mu 1498, ndipo oyendetsa zombo zake anathandizidwa ndi mawerengero a nyenyezi a Abraham Zacuto, Myuda amene anathawa m'dzikomo pokana ubatizo wokakamiza. Kuyambira 1536 mpaka 1821 bwalo la Inquisição linkasaka obatizidwa amene ankasungabe Ciyuda mobisa, ndipo ena anatenthedwa. Ocita zimenezi anali Akhristu anzathu, ndipo sitingazibise. Panapita zaka mazana kufikira 1965, pamene Msonkhano Waciwiri wa Vatikano, m'cikalata Nostra Aetate, unaphunzitsa kuti imfa ya Yesu isasenzetsedwe Ayuda onse, a nthawi ija kapena a lero, nudzudzula cidani ciliconse pa iwo.

M'mudzi wa Belmonte, kumapiri a Portugal, mabanja ena anapirira zaka zoposa 400 opanda rabi, opanda sinagoga, opanda mabuku. Masana ankapita ku Misa ngati anansi awo. Lacisanu madzulo amayi ankatseka mazenera nayatsa nyale ya Sabata mobisa, kuti kuwala kusaonekere panja. Paska ankaicita atacedwetsa masiku pang'ono kuti asokoneze owazonda. Cihebri cinawathawa, mapemphero ankawanena m'Cipwitikizi, ndipo osunga ndi kuphunzitsa anali agogo aakazi. Mu 1917 Samuel Schwarz, Myuda wa ku Poland wodziwa za migodi, anawapeza, koma iwo anamukayikira, poganiza kuti padziko panalibenso Ayuda ena. Zimasimbidwa kuti anamuuza kuti apemphere, iye nanena Shema, ndipo pakumva dzina lakuti Adonai, liu limodzi la Cihebri limene linawatsalira, amayi okalamba anamuvomera kuti ndi mbale wawo. Zidzukulu zawo zinabwerera poyera ku Ciyuda, ndipo mu 1996 sinagoga inatsegulidwa ku Belmonte.