Mkangano wa Asodzi pa Mtsinje wa Itchen

Adzukulu anga ndi inu nonse okonda za makolo, akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero ndikufotokozerani mbiri ya asodzi a nsomba zotchedwa trout, imene ikuchitira umboni mwambiwu. Nsombazi si zachilendo kwenikweni kwathu kuno, pakuti azungu anazibweretsa m'mitsinje yozizira ya pa phiri la Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Koma nkhani yathu inachitikira kwawo ku England.

Kumwera kwa dzikolo kuli mitsinje ya Test ndi Itchen, imene madzi ake amatumphuka mu akasupe a m'miyala ya choko. Madziwa ndi oyera mbee, mwakuti nsomba imamuona msodzi akali patali. Kumeneko asodzi amamangirira nthenga ndi ulusi pa mbedza kuti ioneke ngati kachilombo kouluka, ndipo imeneyo ndiyo nyambo.

M'chaka cha 1886, Frederic Halford anatulutsa buku lonena za nyambo zoyandama. Omutsatira anafika pokhulupirira kuti msodzi waulemu amaponya nyambo yake pamwamba pa madzi pokha, kwa nsomba imene waiona ikudya. Posakhalitsa chiphunzitsochi chinasanduka mwambo wosati n'kuutsutsa.

Ndiye kunabwera loya wina wa ku London, G. E. M. Skues, amene ankawedza pa Itchen pafupi ndi mzinda wa Winchester kuyambira mu 1883. Iyeyu anali wodekha. Ankayang'anitsitsa m'madzi, ndiponso ankafufuza m'mimba mwa nsomba zimene wapha. Anapeza kuti trout imadya kwambiri timphutsi ta tizilomboto tisanamere mapiko, tikali pansi pa madzi. Mu 1910 anatulutsa buku lake loyamba, lonena za kuwedza ndi nyambo zomira.

Anzake sanakondwe nazo. Mu 1938 kunali mtsutso waukulu ku Flyfishers' Club ku London, ndipo ambiri anaima kumbali ya malemu Halford. Chaka chomwecho Skues, ali ndi zaka 80, anausiya mtsinje umene anawedzamo kwa zaka zoposa 50.

Komatu choonadi sichiola. Frank Sawyer, mlonda wa mtsinje wa Avon, anapanga nyambo yomira ya nthenga za mbalame ya pheasant ndi waya wa kopa, ndipo lero imadziwika m'maiko ambiri.

Mlanduwu umagamulidwa bwino ndi nyengo yachisanu. Madzi a kasupe amatuluka pansi ali pafupifupi madigiri 10 chaka chonse, choncho mitsinje yotere siuma ndi chisanu. Pafupi ndi tauni ya Livingston ku Montana, m'dziko la America, asodzi amawedza m'timitsinje ta akasupe ngakhale m'mbali mwake mutayera ndi chipale. Pa nyengoyi tizilombo touluka timachepa, ndipo nsomba zimadyera pansi nthawi zambiri. Wokakamira nyambo yoyandama tsiku lonse akhoza kubwerera chimanjamanja.

Halford sanali wopusa ayi, adzukulu anga. Iyenso anayamba ndi kuyang'anitsitsa. Amene analakwa ndi omutsatira, pakuti anasunga lamulo naleka kuyang'ana m'madzi. Inunso mukalandira mwambo kwa ife akuluakulu, muzifunsa chimene makolo anaona pamene ankaukhazikitsa. Paja safunsa anadya phula.