Mmene pulasitiki inafikira ku malekezero a dziko

Mu 1907, Leo Baekeland anapanga Bakelite, pulasitiki yoyamba yocokera ku mankhwala okhaokha. Anthufe tinaikonda pulasitiki cifukwa siola. Koma kusaolako ndiye vuto: imangophwanyika kukhala tizidutswa tosaposa mamilimita 5, tomwe timatengedwa ndi mafunde komanso mphepo.

Mu 1972, asayansi anapeza tizidutswa totere pa nyanja ya Sargasso. Dzina loti microplastics linafala mu 2004 ndi kafukufuku wa Richard Thompson wa ku Plymouth. Mu 2014, Rachel Obbard ndi anzake anatipeza m'madzi oundana a ku Arctic. Mu 2022, ofufuza a yunivesite ya Canterbury analengeza zomwe anapeza m'cipale cofewa comwe anatapa pamalo 19 ku Antarctica. Ponseponse panali pulasitiki. Tinyama ta krill, cakudya ca anangumi, timameza tizidutswato.

Caka comweco, maiko anavomerezana ku Nairobi kuti alembe pangano lothetsa vutoli, koma zokambirana za ku Geneva mu 2025 zinatha popanda mgwirizano. Pomwe atsogoleri akukokana, mafakitale akupangabe pulasitiki, ndipo zomwe timataya m'mitsinje zikutsikirabe kunyanja.